Alamu Anga ndi Phiri la ku Vermont

Alamu anga a Maxwell sanatsetserekepo pa chipale chofewa chibadwire, koma chaka chimenecho anatiuza kuti banja lonse tikupita ku Vermont, ku America, kukachita masewera otsetsereka m'phiri. Ananena tikudya kwawo ku North York, m'fulati yawo yam'mwamba ija, imene mlendo aliyense amayamba waimikidwa pawindo kuti aone mzinda asanapatsidwe mpando.

"Si za wamba izi, alamu," anatero akundionetsa zithunzi pafoni. "Nyumba yamatabwa yathuyathu m'tsinde mwa phiri, moto wa nkhuni pabalaza, bafa la madzi otentha panja. Tikagona kaye ku Montreal, tikadye za Chifalansa, m'mawa mwake tiwoloke boda. Ndabukitsa zonse."

Ine ndine Esnart, ndimasamalira okalamba ku Hamilton. Chipale ndimachidziwa ngati chinthu chimene ndimakumba ndi fosholo pakhomo ndisanapite ku ntchito, ndiye zoti munthu n'kulipira kuti akagwepo chagada sizinandilowe m'mutu. Ndikanakana pomwepo. Chinandigonjetsa ndi nkhope ya bambo. Bambo athu anali atabwera kuchokera ku Limbe kudzacheza miyezi ingapo, ulendo wawo woyamba kutuluka m'Malawi, ndipo ankakhala kwa mng'ono wanga Alinafe, mkazi wa a Maxwell. Moyo wawo wonse anagwira ntchito ya njanji, kutumiza anthu ena kutali iwo atatsala pa siteshoni. Atamva dzina loti America anaika foloko pansi.

"America yeniyeniyo?"

"Yeniyeniyo, adadi. Mukaipondadi ndi phazi lanu."

Ndinafunsa za viza ya bambo, chifukwa enafe tili ndi mapasipoti a kuno koma yawo ndi ya kumudzi. A Maxwell anandiseka. "Alamu, ine ndimayenda. Zimenezo ndinasota kalekale." Ndinafunsanso pafoni patapita sabata, yankho linali lomwelo, mawu atakwera pang'ono. Pasipoti ya bambo anali ataisunga okha m'kachikwama kawo kachikopa. Ndinasiya.

Chifukwa chenicheni cha ulendowo anandiuza ndi Alinafe kukhitchini, monong'ona. A Maxwell amagulitsa nyumba. Kuphiriko kunkapita a Tembo ena a ku Chipata, dokotala wandalama amene ankafuna kugula nyumba zochititsa lendi, ndipo a Maxwell ankafuna akawapeze kumeneko ngati mwangozi, ali ndi banja lawo lonse, apongozi ndi mlamu omwe. Ife tinali zokongoletsera.

Tsiku la ulendo ndinakwera sitima yam'mawa ku Hamilton, kenako yoyenda pansi pa nthaka mpaka ku North York. Ndinapeza chigalimoto chakuda chobwereka chili pakhomo, chibokosi chili padenga. A Maxwell anati tinyamuka kukangocha, koma dzuwa linakwera tikujambulidwa. A Maxwell anali atagula majekete ofiira ofanana a tonse anayi. Bambo anavala lawo pamwamba pa suti ndi tayi, chifukwa iwo sakanalowa m'dziko la eni atavala ngati wopita kudimba. Tinaima kutsogolo kwa galimoto, kumbali, kumbuyo. Alinafe anauzidwa kuti asekerere bwino, chithunzi chinabwerezedwa.

Ndiye panali matabwa otsetserekerawo. Anthu anzeru amakabwereka kuphiri komweko, koma alamu anga anagula atsopano, aataliatali, mitengo yake isanamatulidwe. M'chibokosi cha padenga sanakwane chifukwa munadzaza zovala zawo ndi mabotolo a vinyo. Anawalowetsa m'galimoto momwemo, kuchokera kumbuyo mpaka pakati pa mipando, n'kutigawa ine ndi bambo ngati mpanda. Galimoto ikakhota, thabwa linkawagunda bambo paphewa. Iwo ankangolikankha pang'onopang'ono ngati akupepesa.

Msewu wa 401 unatilandira monga umalandirira aliyense. Ku Scarborough tinakwawa, ku Oshawa tinaima ndithu. A Maxwell ankalumpha mizere uku ndi uku, kutukwana malole, n'kumatiphunzitsa za kutsetsereka zimene anaonera pa intaneti: mawondo amapindidwa chonchi, thupi limapendekeka chonchi. Ankasonyeza ndi manja onse awiri chiwongolero atachisiya. Titadutsa Belleville chipale chinayamba kugwa, malole n'kumatiwaza pagalasi matope a mchere umene amathira mumsewu kusungunula chipale. A Maxwell anakanikiza kuti madzi otsukira galasi atuluke. Panatuluka kadontho, zopukutira n'kupaka matope galasi lonse. Kutsogolo sikunkaonekanso.

"Alinafe, sindinakuuze kuti ucheke zimenezi?"

"Munati galimoto mwaiona kale nokha."

"Usandiyankhe ndili pa wilo."

Tinapatukira pamalo omwetsera mafuta. Mphepo yake inali yodula makutu. Amene anatsika kukagula chigubu cha madziwo, kufufuza potsegulira boneti ndi kuthira, zala zitauma, anali Alinafe. Alamu anga anatsala pa mpando wotenthetsedwa akulankhula ndi a Tembo pafoni. "Ah dokotala, mwafika kale? Ife tikuuluka, msewu uli bwinobwino. Ndabwera ndi madala, apongozi anga, ndati nawonso aoneko dziko." Bambo anamva. Anakonza tayi yawo n'kuyang'ana panja.

Ku Kingston ndinachita kukuwa kuti tiime. Bambo ali ndi matenda a shuga, nthawi yodya ikadutsa manja amanjenjemera, koma sakanapempha. A Maxwell anati tachedwa kale ndipo tisadzaze mimba chifukwa ku Montreal kuli tebulo lotidikira. Ndinawauza kuti tebulo lidikire. Ndinawagulira bambo supu ndi buledi, tinakhala pampando wapulasitiki pakati pa oyendetsa malole ndi ana a timu ina yake odzaza phokoso. Alamu anga anakana kukhala. Anaima pakhomo ndi jekete lawo lofiira, magalasi otsetserekera ali pachipumi, mkati mwa nyumba yodyera, phiri lili kutali ndi tsiku lathunthu.

Tinalowa mu Montreal kukuda. Hotelo inali yabwino, sindinama, koma tisanaione mkati tinamva chiphokoso padenga. Pakhomo lolowera koimika magalimoto pansi pa nthaka panali chitsulo cholendewera chosonyeza msinkhu, ndipo chibokosi chathu chinachigunda. Kumbuyo kwathu magalimoto anayamba kuliza mahutala. A Maxwell anatsika, nakayamba kukangana ndi chitsulocho, kenako ndi mnyamata wa pageti, m'Chifalansa cha mawu awiri amene anawaloweza, onse a moni wam'mawa. Tinabwerera chambuyo mzere wonse ukutiyang'ana. Tinazungulira misewu yolowera mbali imodzi, kudutsa tchalitchi chimodzimodzi kangapo, mpaka tinapeza bwalo lapanja kutali. Masutikesi tinakoka m'chipale chosungunuka, bambo nsapato zawo zachikopa zikumwa madzi.

Chakudya cha Chifalansa chija chinabwera pa mbale zazikulu ngati mabeseni, pakati pali kanyama kongokwana kukamwa kamodzi ndi timasamba tiwiri. A Maxwell ananunkhiza vinyo, kumuzunguza m'tambula, kutseka maso. Anajambula mbale iliyonse tisanaikhudze. Bambo anadya mwaulemu, nathokoza woperekera zakudya, nathokozanso mkamwini wawo. Titakwera kuchipinda ndinawapangira tiyi ndi buledi wopaka chiponde amene ndinanyamula m'chikwama. Anadya magawo onse. Atatha anakhala m'mphepete mwa bedi n'kuyamba kupukuta nsapato, kuzipaka polishi amene anachokera naye ku Limbe.

"Mawa tilowa mu America," anatero. "Anzanga a kutchalitchi sakakhulupirira."

M'mawa kunacha bwino, kumwamba kuli mbee. Tinadutsa minda yoyera, tinadutsa tauni ya Magog, n'kulunjika kumalire. Pamzere wa magalimoto a Maxwell anatulutsa mapasipoti m'kachikwama kaja, natilangiza kuti tisalankhule, ayankha okha. Pawindo panali mayi wa yunifolomu, waulemu wake. Anafunsa kumene tikupita, a Maxwell anatchula dzina la phiri, la nyumba yamatabwa, ndi bafa lapanja lomwe. Mayiyo anatsegula mapasipoti atatu n'kuwaika pambali. Yachinayi anaitembenuza tsamba ndi tsamba, kufika kumapeto, kubwereranso poyamba.

"Viza ya bambowa ili kuti?"

A Maxwell analoza viza ya Canada. Mayiyo anati imeneyo waiona, akufunsa ya America. Alamu anga anaseka kaseko kawo kogulitsira nyumba, nafotokoza kuti bambowa ali ndi ana awo, anawo ndi nzika, ndipo tikungopita masiku ochepa. Tinauzidwa kuti tiimike galimoto pambali tilowe mu ofesi.

Poyenda kupita kuchitseko ndinawagwira mkono wa jekete. "Alamu, munati munasota."

"Mnzanga wina anandiuza kuti akakhala ndi ya Canada amangodutsa."

"Mnzanu uti?"

"Wa ku jimu, kumene ndimalimbitsa thupi."

Mkatimo munali mabenchi olimba ndi kutentha kouma. Tinadikira. Banja lina la ana ang'onoang'ono linaitanidwa, linapita. Mnyamata wina wa galu anaitanidwa, anapita. Ife tinakhala anayi pamzere ndi majekete athu ofiira ngati kwaya yosochera. A Maxwell ankapita pakauntala mobwerezabwereza kukaonetsa foni, kuti anthuwo aone nyumba imene abukitsa ndi kudula kwake. Wa pakauntalayo anayang'ana chithunzicho mwaulemu, nati ndi nyumba yokongola, nawapempha kuti akakhale pansi.

Kenako anaitana dzina la bambo. Ndinapita nawo kuti ndiziwathandiza Chingerezi cha m'mphuno chija, ngakhale chawo ndi chabwino kuposa changa. Anawafunsa mafunso, anawajambula, anawadinda zala. Palibe anawakalipira. Koma bambo ndi munthu amene sanalowepo pa polisi ngakhale kukachitira umboni, ndipo kwawo wodindidwa zala ndi wakuba.

"Esnart," ananong'ona, "ndalakwa chiyani?"

"Simunalakwe, bambo. Pepala lina silinakonzedwe."

"Andilemba m'buku mwawo?"

A pakauntala anatiuza kuti bambo sangalowe, enafe tingathe, ndipo anatisonyeza pokhotera. Motero America ya bambo inali benchi, kauntala ndi chimbudzi cha mu ofesi ya malire.

Kubwerera nakonso sikunali kongodutsa. Mbali ya Canada anatiimikanso kuti amve chifukwa chimene tabwezedwera, natenga pasipoti ya bambo kulowa nayo mkati. Apo ndi pamene mantha enieni anawagwira. Anandifunsa ngati kunonso awakana, ndipo akawakana mbali zonse ziwiri munthu amagona kuti. Alinafe anali akulira mwakachetechete kutsogolo. A Maxwell ankawerenga mauthenga pafoni, kudandaula kuti nthawi yolandirira makiyi a nyumba ikudutsa. Pasipoti inabwera, anatilola. Bambo anailandira ndi manja awiri, ndipo ulendo uno sanaipereke kwa mkamwini. Anaiika m'thumba lamkati la suti.

Tinafikanso ku Magog. Ine ndinkaganiza kuti tikubwerera kwathu. Ndinadabwa galimoto itakhotera pa kamotelo kena m'mbali mwa msewu, kopentedwa kobiriwira, chipale chitaunjikana pamakomo. A Maxwell anazimitsa injini n'kutembenuka, mkono uli pamwamba pa matabwa awo.

"Tamverani, tiyeni tikhale practical. Nyumba ija ndalipira kale, sabweza. A Tembo akundidikira. Adadi akhoza kupuma pano masiku atatuwa, pali TV, pali hita, chakudya amabweretsa. Pobwerera tiwatenga."

Ndinaganiza kuti sindinamve bwino. "Muwasiye okha? Muno, mmene anthu ake amalankhula Chifalansa? Munthu wa shuga?"

"Ndiye inuyo alamu mutsale nawo. Ndi ntchito yanu kale imeneyi, simuvutika."

Pali mawu amene ndinawauza amene sindingawalembe pano. Ndinawakumbutsa kuti ananama kawiri ndikuwafunsa, kuti munthu wamkulu wadindidwa zala chifukwa cha nzeru za ku jimu, kuti anakumbukira vinyo, magalasi ndi majekete koma anaiwala chinthu chimodzi chokha chimene chinali ndi ntchito. Iwo anati ndikukokomeza, ndipo vuto langa ndi loti sindinazolowere zinthu zapamwamba.

Bambo anakweza dzanja. "Basi, Esnart." Anatembenukira kwa mkamwini wawo. "Pitani, bambo, musataye ndalama zanu. Koma pano sindigona. Mutitule pokwerera basi."

Ndinayang'ana Alinafe. Ndinali ndi chikhulupiriro chonse kuti atsegula chitseko n'kutsika nafe. Anatembenuka, maso ali ofiira, anayang'ana bambo, kenako anayang'ana mwamuna wake. A Maxwell anangoliza injini.

"Asisi," anatero Alinafe, mawu ali pansi, "mukafika mundiimbire."

A Maxwell anatitula pa kasitolo pamene mabasi a ku Montreal amaima. Ndinatsitsa masutikesi athu ndekha. Bambo anavula jekete lofiira lija, analipinda bwinobwino, naliika pampando wa galimoto. Ndinawaveka langa lakale limene ndinanyamula m'chikwama, manja ake anawafika m'zigongono. Chigalimoto chakuda chinabwerera kumalire, chibokosi chophwanyika pakona chili padenga.

Basi inachedwa. Tinadikira m'kasitoloko pakati pa mashelefu a mabisiketi, mayi wogulitsa anatipatsa mpando umodzi, bambo anakhala ine ndinaima. Ndinagula matikiti, ndinagula tiyi. Ku Montreal tinafika basi ya masana ya ku Toronto itapita kale, tinagona pa kahotelo kotchipa pafupi ndi depoti, ka makapeti onunkha fodya wakale. Madzulo amenewo zithunzi zinayamba kulowa pa gulu la WhatsApp la banja: a Maxwell pafupi ndi moto, a Maxwell atanyamula matabwa paphewa, a Maxwell atakumbatira bambo wina wonenepa amene ndinaganiza kuti ndi a Tembo. Pansi pake analemba kuti Mulungu ndi wabwino. Chithunzi cha iwo akutsetsereka panalibe, ndipo sichinabwerepo. Alinafe anaoneka pa chimodzi chokha, kumapeto, akusekerera bwino.

M'mawa tinakwera basi ya ku Toronto. Inali yodzaza ndi ana a sukulu zaukachenjede ndi zikwama zawo, kumbuyo kwathu mayi wina akulankhula pafoni ulendo wonse za lendi. Tinadutsa Cornwall, tinadutsa Kingston, msewu womwe uja koma tsopano popanda thabwa pakati pathu. Ine mtima unali ukuwirabe. Za a Maxwell ndinali nditatopa nazo, munthu wopanda kanthu m'mutu sungamukwiyire mpaka kalekale. Amene ankandiwawa anali Alinafe. Ndinawauza bambo kuti mwana ameneyo ndathana naye, kuti wasankha bafa lapanja kusiya bambo ake pamsewu, kuti asadzandiimbirenso, ndipo iwo akakhala kwanga ku Hamilton mpaka tsiku lobwerera kumudzi.

Anandisiya ndilankhule mpaka mawu anandithera. Basi inali itaima pa Belleville kutsitsa anthu.

"Kwanu ndikhala," anatero. "Koma za mng'ono wakoyo walakwitsa."

"Ndalakwitsa bwanji? Simunaone?"

"Ndaona zambiri kuposa iwe. Ndakhala m'nyumba muja miyezi iwiri. Mwana uja ukamufunsa ngati akufuna tiyi, amayamba wayang'ana nkhope ya mwamuna wake. Mbale ikagwa kukhitchini amathamangira kupepesa asanaone ngati wadzicheka. Dzulo sanasankhe phiri. Amaopa zimene mwamuna wake akanachita iye akanatsika, ndi za kunyumba pobwerera."

Ndinafunsa ngati a Maxwell amamumenya. Anati sanaonepo, ndipo sanena chimene sanaone.

"Nyumba yako ili ndi makiyi angati?"

"Amodzi, ndi ena ali kwa eni nyumba."

"Ukadulitse ena. Ukamupatse. Usakamufunse mafunso, usakamunyoze mwamuna wake pamaso pake, pakamwa pakopo ndikupadziwa. Ukangomupatsa."

Tinafika ku Toronto madzulo, tinakwera sitima ya ku Hamilton. Bambo anagona pabedi langa, ine pasofa, mpaka tsiku limene ndinawaperekeza ku bwalo la ndege. Ku North York sanapondekonso. A Maxwell anaimba kamodzi kudzanena kuti zonse zinali kusamvetsetsana chabe, bambo anawafunsa za umoyo wawo, nawafunira zabwino, nandibwezera foni.

Kiyi ndinakadulitsa pa sitolo ya zitsulo ya pafupi ndi kwathu. Alinafe anabwera yekha Loweruka lotsatira kudzasiya mankhwala ndi zovala za bambo zimene zinatsala. Anagwada pafupi ndi mpando wawo, iwo anamufunsa ngati wadya. Pomuperekeza pa masitepe ndinamuika kiyiyo m'manja. Zonse zimene ndinakonza kumuuza ndinazimeza.

Anaiyang'ana. Sanafunse kuti ndi ya chiyani. Anatsegula chikwama chake, anadutsa mulu wa makiyi a ku North York, n'kuilowetsa m'kathumba kamkati ka zipi, kumene a Maxwell sangaione.